Zofunda za zigamba zaima chifukwa cha maulendo: anzanga mumatani?

NaZigamba_Ngabu
Anzanga osoka, ndabwera ndi dandaulo. Ndili ndi zofunda za zigamba zitatu zomwe ndinalonjeza anthu, ndipo chimodzi ndi cha mwana wa achemwali anga amene ukwati wake ulipo Loweruka loyamba la Okutobala. Koma chiyambire Julayi sindinagonepo pakhomo sabata yathunthu. Chiliza ku Tengani, chinkhoswe ku Nchalo, msonkhano wa Mvano ku Blantyre masiku anayi, ndangobwerako kumeneko kwagwa maliro ku Fatima kutsidya. Pakatipo ndimayeneranso kukwera ku Limbe kukapikula nsalu zogulitsa. Makina angokhala pakona ofundidwa chitenje ngati wodwala malungo. Dzulo ndavundukula, ndapeza kangaude wamanga nyumba pa gudumu.

Cha ukwatichi zigamba ndinadula kale zonse. Mabokosi ofunika, ndiye kuti masikweya a tizigamba tisanu ndi tinayi tosokedwa pamodzi, ndi 110, ine ndasoka 38 okha. Kwatsala mwezi ndi theka, ndipo maulendo ena atatu akundidikira. Inu amene mumayendayenda, mumatani kuti ntchito isaime? Kapena ndingobweza ndalama za anthu?

Telala_paDyeratu
Mabokosi 72 pa makina ndi ntchito ya masiku atatu, mayi. Jombani ulendo umodzi basi, nkhani yatha.

NaZigamba_Ngabu
Achimwene, ndijombe uti? Wa kwa apongozi kapena wa kumpingo? Mukandiyankhira ndinu?

Telala_paDyeratu
Kwa apongozi ayi, ndikuopa kkkk.

Mbuya_waBangula
Mwana wanga, ndalama musabweze. Vuto lanu ndi loti ntchito yonse mwaimangirira ku makina, ndiye makina akatsala kunyumba ntchito itsala nawo. Ine ndasoka zigamba zaka zambiri ndikuyenda, ndipo chimene ndinaphunzira ndi kugawa ntchito pawiri: ya pakhomo ndi ya m'chikwama.

Ya pakhomo ndi kudula, kusita ndi kulumikiza mizere italiitali. Zimenezi zimafuna tebulo, nsimbi ya makala ndi malo otambasula. Koma kusoka bokosi limodzilimodzi sikufuna kanthu, ndi singano, ulusi ndi miyendo yanu basi. Usiku woti mawa ndinyamuka ndimayala mkeka, ndikusanja tizigamba ta bokosi lililonse, tisanu ndi tinayi, ndikutibaya pamodzi ndi pini yotseka ija. Pa kapepala ndilemba nambala ya bokosi ndikubayira pomwepo. Mabokosi khumi amalowa mu jumbo imodzi ya shuga osatupa nkomwe.

Chachiwiri: singano ndimalowetseratu ulusi kunyumba, zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndikuzibaya pa kansalu, ndikuika m'kachitini ka masuwiti. Maso angawa kufunafuna boo la singano pa depoti ndi fumbi lija sangathe. M'kachitinimo mumakhalanso kasizasi kakang'ono ndi kapensulo.

Ndiye muone nthawi imene timataya pa ulendo. Minibasi kuti idzaze pa Bangula pano mumakhala ola lathunthu kondakitala akungokuwa kuti wotsala m'modzi. Pa Nchalo iimanso kudikira ena. Ku msonkhano nthawi ya nkhomaliro ikatha anthu amangogona pansi pa mitengo. Bokosi limodzi la pamanja ine limanditengera mwina ola. Awiri pa tsiku simungalephere.

Sisi_Chitenje
Agogo, awiri pa tsiku ndiye kuti masiku 36. Atsala ndi masiku naini okha oti alumikize, aike za pakati, asoke mizere yodutsa ndi kupinda m'mbali. Pamenepo chimfine chisawagwire ndipo munthu asamwalire m'mudzi. Sizikukwana.

Mbuya_waBangula
Sindinanene kuti makina awagulitse. Masiku amene ali pakhomo apalase, a pa ulendo asoke pamanja. Muwerengerenso, mwana wa sukulu.

Telala_paDyeratu
Apa ndiye nditsutsa mwaulemu, agogo. Kusakaniza za pamanja ndi za makina m'chofunda chimodzi ndi kumene kumabweretsa chisokonezo. Pa makina phazi lija limakutsogolera, mpata wa msoko umakhala umodzimodzi. Pamanja munthu lero usiya sentimita imodzi, mawa theka, mkuja watopa usiya imodzi ndi theka. Bokosi lili ndi misoko iwiri mbali iliyonse, ndiye mukaphonya pang'ono pa msoko uliwonse, pofika pa bokosi la khumi mu mzere makona sakukumananso. Anandibweretserapo mayi wina chotere kuti ndilumikize, ndinachita kumeta bokosi lililonse, chofunda cha bedi lalikulu chinasanduka cha bedi la mwana.

Mbuya_waBangula
Zoona zimenezo, bambo telala, koma mankhwala ake alipo. Dulani katoni ya sopo muyezo weniweni wa kachigamba kakatha kusokedwa, muziika kumbuyo kwa nsalu ndikujambula ndi pensulo kuzungulira. Mukamasoka mutsata mzere wa pensulo, osati m'mphepete mwa nsalu. Katoniyo ikayamba kudyeka m'makona muitaye, mudule ina. Ndipo posoka, mukabaya katatu kapena kanayi muzibwerera kamodzi mmbuyo, kuti ulusi ukaduka penapake msoko wonse usamasuke.

Kamtsikana_kaSorgin
Ine funso langa ndi lina. Zofunda zokhuthala kuno ku chigwa amafunda ndani? Okutobala akubwerayu timagona panja pa mkeka, ndipo ngakhale neti imakhala ngati bulangete.

MamaDorika_Nsanje
Iwe mwana, Juni ndi Julayi umagona kuti? Chiperoni akatsika kuchokera ku mapiri a ku Mozambique uko, mbandakucha kuno kumazizira ndithu, makamaka ife a m'mbali mwa Shire. Komanso chofunda cha zigamba ndi choyala pabedi masana, mlendo akasuzumira aone kuti m'nyumba muli mayi.

NaZigamba_Ngabu
Komanso mkwatibwiyo akukakhala ku Thyolo, kwa amuna ake. Kumeneko akachifuna chaka chonse.

Kamtsikana_kaSorgin
Aaa ngati ndi ku Thyolo musokereni ziwiri kkkk. Ndinakagonako kamodzi, mano anachita kugundana.

Ulusi_Wakuda
Mundilole ndichenjeze za kusoka galimoto ikuyenda. Musayerekeze. Ine chaka chatha ndikuchokera ku Blantyre ndinkafuna kumaliza kabokosi kamodzi kokha tisanafike ku chigwa. Tayamba kutsika chitunda chija, mukudziwa mmene msewu umakhotera, Shire akuoneka pansi apo ngati lamba. Dalaivala anaponda buleki pa kona, ine ndinagwira mpando wa kutsogolo ndi manja onse, singano phuluu, yapita. Ulusi unali utatha kale, ndiye panalibe choitsatira. Ndinakhala chete kaye, mtima ukugunda, kenako ndinaona kuti pafupi nane pali mayi ali ndi khanda pamiyendo. Ndinaulula. Pa Thabwa anthu onse anatsika, bambo wina anavula jekete kukung'untha, kondakitala akundinena mawu oti sindingawalembe pano. Inapezeka itabaya thumba la kabichi lomwe linali pansi pa mpando. Mpaka Ngabu palibe anandiyankhula.

Chiyambire tsiku limenelo, injini ikangolira singano imalowa m'chitini.

Sisi_Chitenje
Kkkkkk mwini kabichi anati chiyani?

Ulusi_Wakuda
Anati ndigule mutu umenewo. Ndinagula, tinadyera nsima madzulo.

Telala_paDyeratu
Kabichi wobaya jekiseni kale, sangadwale.

Nyamadzi_Makhanga
Inu mukuseka za singano, ine zanga zinali za madzi. Ife a kutsidya kuno chiwonongekere njira ya pa Chiromo mu 1997, kupita ku Bangula timadalira bwato pa Mtayamoyo. Tsiku lina ndinanyamula mabokosi makumi awiri osokasoka m'chikwama cha nsalu, ofiira ndi oyera, a mayi wina wa ku Nsanje boma. Bwato unadzaza, njinga ziwiri, matumba a mbatata, ndiye chikwama ndinachiika pansi pakati pa mapazi osaona kuti pansipo pali madzi. Tikufika tsidya lina, nditsegule, zoyera zonse zasanduka zapinki mawangamawanga. Chitenje chofiiracho ndinali ndisanachichape, ndinangogula ndikudula.

Ndiye ziwiri ndikuuzeni. Nsalu iliyonse yatsopano muziichapa musanadule, payokhapayokha, mpaka madzi atuluke oyera. Imachepanso pang'ono ikachapidwa koyamba, ndiye ndi bwino ichepe isanalowe m'chofunda. Ndipo pa ulendo ntchito yanu ikhale mu majumbo awiri, ina mkati mwa inzake, yomanga pakamwa.

MamaDorika_Nsanje
Ena amati kuviika m'madzi a mchere kumagwira utoto. Ine ndinayesa pa nsalu zotchipa zija za pa msika, zinatulukabe. Kuchapa kokha ndi kumene ndimakhulupirira.

Nyamadzi_Makhanga
Ndipo za kusunga pakhomo mukachoka, aNaZigamba, musasiye pa mkeka kapena m'katoni. Chiswe cha kuno sichidikira sabata. Ine ndimaika mu ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro ndikupachika ku denga. Nthawi ya Freddy mu Malichi 2023 madzi analowa m'nyumba mpaka m'chiuno, matiresi, ufa, mabuku a ana, zonse zinapita. Titabwerera kuchokera ku kampu ndinapeza ndowa ija ikadali lende pa mtanda, zigamba zouma bwinobwino. Makina ndi amene anachita dzimbiri osadzukanso. Chofunda chimenecho ndinachimaliza pamanja ndipo sindinagulitse, ana amafunda chomwecho.

Mbuya_waBangula
Pepani mwana wanga. Ife a Bangula tinakuonani mmene munkafikira.

Nyamadzi_Makhanga
Takhuta, mbuya. Tinazolowera, 2015 zinali chimodzimodzi.

Mlamu_waNchalo
Ine sindisoka, ndimangowerenga kuti ndiwauze akunyumba. Koma ndifunse: aNaZigamba atchula maliro. Pa maliro anthu amachezera usiku wonse osachita kanthu. Sangasoke pamenepo?

MamaDorika_Nsanje
Asa! Alamu, pa siwa? Anthu akulira inu mwatulutsa sizasi? Adzati mukusoka nsanda ya wotsatira.

Sisi_Chitenje
Ine ndiye sindikuonapo cholakwika kwenikweni. Abambo kunja kuja amasewera bawo, ena nkhani za mpira mpaka kucha. Mayi akakhala kuseri kwa nyumba, ntchito ya kukhitchini yatha, akudikira kuti kuche, singano yalakwa chiyani?

MamaDorika_Nsanje
Asisi, kusiyana kulipo. Bawo sapindula nayo munthu. Inu mukusoka chinthu choti mukalandire ndalama, pakhomo pa munthu amene wataya mwana wake. Anamfedwa sadzakuuzani kanthu tsiku limenelo, koma adzakumbukira. Ndipo tsiku lanu likadzafika, anzanu adzabwera ndi mtedza wawo kudzasenda.

Ulusi_Wakuda
Ndili kumbali ya amayi a Dorika. Pa chiliza mwina, mwambo ukatha anthu akudya ndi kuseka, mutha kukhala pakhonde ndi apongozi mukusoka mukucheza. Pa chinkhoswe usiku wa dzulo lake, bwinobwino. Pa maliro jumbo isatuluke m'chikwama.

Sisi_Chitenje
Chabwino, mwandichulukira. Koma za bawozo sindinakhutire.

Mlamu_waNchalo
Bawo musaikhudze, asisi. Ndabweza funso langa.

Gadiyani_2022
Malo amene ine ndinasokako kwambiri ndi kuchipatala. Amayi anga anagonekedwa ku Gulupu milungu isanu, ine ndine ndinali wowadikirira. Amene anakhalapo gadiyani akudziwa: m'mawa kuphika phala, kuchapa, kenako kukhala panja kudikira nthawi yolowa. Tsiku limatalika ngati chaka. Mayi wina wa ku Mulanje amene ankadikirira amuna ake ndi amene anandionetsa njira iyi, ndipo aNaZigamba ingakuthandizeni pa zofunda ziwiri zinazo.

M'malo molumikiza chinsalu chonse cha pamwamba kenako ndikumalimbana nacho pa mkeka ndi za pakati ndi za pansi, bokosi lililonse mumalimaliza palokha. Pamwamba bokosi la zigamba, pakati kachidutswa ka bulangete lopepuka, pansi nsalu ya kunsi, zonse muyezo umodzi. Mumasoka mizere yodutsa zitatu zonsezo muli chikhalire, chinthu chake chachikulu ngati mpango wa m'manja. Mabokosi onse akatha, kunyumba mumangowalumikiza ndi timizere ta nsalu, kamodzi pamwamba kena pansi kobisa msoko. Ubwino wake, simufunditsa miyendo chinsalu cholemera kunja kukutentha, thukuta silidetsa ntchito. Kuipa kwake, polumikizapo pamakhuthala, singano ya makina yopyapyala imathyoka, ndipo timizere tija timadya nsalu ndi nthawi.

Ndinatuluka m'chipatala muja ndi mabokosi 46 omalizamaliza. Amayi anachira, ndipo amati chofundacho chimanunkha mankhwala mpaka lero, ngakhale ndachichapa kangapo.

Telala_paDyeratu
Njira imeneyo ndi yabwino. Polumikiza ikani singano nambala 16 kapena 18, ndipo muzipalasa pang'onopang'ono pa mphambano. Singer kapena Butterfly wakale uja amadutsa bwinobwino, tamakina tamagetsi topepuka ndi timene timalira.

Kamtsikana_kaSorgin
Nanga bwanji pakatipo osaika thonje? Tili nalo lambirimbiri kuno, bambo anga chaka chino lina latsala osagulitsa.

Mbuya_waBangula
Limatheka koma ndi ntchito. Muyambe mwachotsa njere zonse, chifukwa njere ya thonje ili ndi mafuta, imathimbiriritsa nsalu, ndipo makoswe amaboola chofunda kuifunafuna. Kenako kulimasula ndi zala kuti lifewe, kuliyala mofanana, ndikusoka mizere yoyandikana kwambiri, kutalikirana kwake kusapose zala zitatu. Mukatalikitsa, tsiku loyamba kuchapa thonje lonse lithawira m'makona ngati mitanda ya nsima. Kwa munthu amene ali pa changu ngati mnzathuyu, bulangete lopepuka la pa kaunjika ndiye yankho. Mulichape kaye.

MphunzitsiWopuma_Chikwawa
Nkhani ya thonjeyi yandikhudza, mundilole ndipatuke pang'ono. Chigwa chino ndi cha nsalu kuyambira kale. David Livingstone atadutsa mu Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje m'midzi, akupota ulusi ndi kuwomba nsalu zawo, ndipo abambo ndi amene ankakhala pa ntchito imeneyi. Panali thonje la mitundu iwiri, lina ankati manga, lochokera kunja, lina kaja, la konkuno, la ulusi waufupi. Nsalu yowomba kuno, machila, inali katundu wa malonda. Lero thonje timalima ife, limakwera chitunda lili m'mabelo, ndipo ife timakwera pambuyo pake kukagula zitenje ku Limbe, zambiri zochokera kunja. Kenako tipemphe zotsala kwa telala kuti tilumikize. Ndikaona zofunda zanuzi ndimasangalala, koma penapake mtima umawawa.

Telala_paDyeratu
Aphunzitsi mwati abambo ndi amene ankawomba? Amayi a pa gulu pano amve, asamandione ngati mlendo.

Sisi_Chitenje
Mlendo ayi, koma wogulitsa zinyalala inde. Kale zidutswa matelala munkatipatsa ulere, munkachita kutithokoza kuti takusesererani. Pano jumbo imodzi mwaika mtengo.

Telala_paDyeratu
Asisi, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chinatsala pa mtengo wakale ndi chiyani? Ulusi unakwera, singano, mafuta a makina, lendi ya khonde. Komanso makasitomala anachenjera, amafuna zotsala zawo zonse, ena amachita kuyeza. Zomwe ndimagulitsazo ndi zomwe eni ake asiya okha.

MamaDorika_Nsanje
Pamenepo pali nkhani. Ine ndinasokapo chofunda ndi zidutswa zogula kwa telala wina, ndikuchiyanika pa chingwe, neba wanga anaima ndikuloza: iyi si nsalu ya diresi langa la Khirisimasi iyi? Anati ndiye chifukwa chake linatuluka lothina.

Ulusi_Wakuda
Kkkkk ndafa ine.

Mlamu_waNchalo
Ndiye mafuta a galimoto akasowanso mitengo ya minibasi imakwera kawiri, ulendo wa ku Limbe phindu lonse limathera panjira. Mwezi watha akunyumba anagona pa depoti.

Kamtsikana_kaSorgin
Ndi kabaza yemwe wakwera. Kuchoka pa msewu kufika kwathu pano ndi mtengo wina.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za mafuta zili ndi malo ake. Mayi wa ku Ngabu akudikira thandizo, ukwati sukusuntha. Tibwerere ku zigamba.

Chala_chaMkombaphala
Ndawerenga zonse mwakachetechete, ndipo ndikuona kuti tonse tikuthandiza mayiyu kuthamanga, palibe amene wafunsa ngati mtundawo sungafupike. ANaZigamba, mabokosi anu ndi a masentimita 20, khumi m'lifupi, khumi ndi limodzi m'litali, si choncho? Ndiye chofunda cha mamita awiri kwa awiri ndi masentimita 20. Ndani analamula kuti onse 110 akhale a tizigamba tisanu ndi tinayi? Limenelo ndi tizigamba 990, mayi.

Chitani chonchi: bokosi la zigamba, kenako bokosi la nsalu imodzi yosadula, kenako la zigamba, mosinthanasinthana ngati bolodi ya drafti. Mzere wachiwiri muyambe ndi losadula. Mukatero a zigamba akufunika 55 okha. Muli nawo 38. Otsala ndi 17, osati 72. Osadulawo ndi kungodula masikweya 55 madzulo amodzi, kukumbukira kusiya mpata wa msoko mbali zonse. Nsalu yake ikhale ya mtundu umodzi wodekha, yopanda maluwa, mamita atatu ndi theka akwana bwino ngati ili yotambalala kupitirira mita. Ndipo ndikuuzeni, chimaoneka bwino kuposa chodzaza zigamba paliponse, chifukwa zitenje zathuzi ndi zaphokoso, diso limafuna popumira. Pa masikweya osadulawo ndi pamene mizere ya ulusi imaonekera, mutha kusokapo mtanda kapena duwa.

Tizigamba totsala todulidula kale sitinatayike, ndi chiyambi cha chofunda chachiwiri.

NaZigamba_Ngabu
Mayo ine! 17? Ndakhala ndikuwerenga kawiri. Asisi, munali kuti masiku onsewa?

Telala_paDyeratu
Apa ndagonja. Nzeru zimenezi ndazitenga ndipo sindilipira.

Sisi_Chitenje
Koma achemwali anuwo anaona kale kapangidwe koyambako? Asadzati mwawachepetsera ntchito ndalama ndi yomweyo.

NaZigamba_Ngabu
Cha ukwatichi ndi mphatso yanga, palibe walipira. Olipira ndi awiri enawo, mayi wina wa ku Nchalo ndi mphunzitsi wina konkuno.

MamaDorika_Nsanje
Ndiye awiriwo muwaimbire lero lomwe, osati mawa. Muwauze tsiku loona, ngakhale likhale la mu Disembala. Chimene chimapha malonda athu ndi kuzimitsa foni ndi kukhota njira ukaona kasitomala pa msika. Ine ndinachitapo, ndinazemba mayi wina miyezi iwiri, mapeto ake tinakumana pa mzere wa ku chigayo, popanda kothawira. Akakana kudikira, bwezani za mmodzi, osati onse.

Gadiyani_2022
Ndipo musananyamuke, yalani mabokosi onse pansi mmene mukufunira akhalire, mujambule ndi foni. Mukabwerako mutatopa simukumbukira kuti lobiriwira lija linali pati. Nambala muzilemba pa kapepala, osati ndi bolopeni pa nsalu, inki imalowerera.

Ulusi_Wakuda
Tengani singano zokwanira. Ine ku mudzi wina kwa Chapananga yanga inathyoka madzulo, ndinapita pa kagolosale, mnyamata akuti dzuwa likalowa sagulitsa singano, mubwere mawa. Ndikuiona ili apo pa shelefu. Ndinachonderera mpaka anaiika pansi kuti nditole ndekha, ndalama ndisiye pa kauntala.

Kamtsikana_kaSorgin
Inu amayi ndi singano muli ndi milandu yambiri kkkk.

Mbuya_waBangula
Chomaliza kwa ine: m'manja muzisamba musanagwire nsalu pa ulendo. Mwadya chimanga chootcha, mwagwira mandasi, nsomba zokazinga za pa Bangula pano, kenako mugwire nsalu yoyera ya mkwatibwi. Kansalu konyowa mu jumbo yakeyake kamathandiza.

NaZigamba_Ngabu
Ndabweranso anzanga, patha milungu itatu. Ndikulemba ndili pa depoti ku Blantyre, minibasi ili ndi anthu anayi, ndiye nthawi ilipo. Ndinagula nsalu ya mtundu wa kirimu ku Limbe, ndinaichapa, masikweya 55 ndinadula usiku umodzi. Mabokosi 17 aja: asanu ndi limodzi ndinasokera ku Tengani pakhonde la apongozi, iwo akundisankhira mitundu ndi kundidzudzula kuti misoko yanga ndi italiitali, anayi pa madepoti, otsalawo pa makina. Mayi wa ku Nchalo wavomera kudikira mpaka Novembala. Aphunzitsi aja anakana, ndinawabwezera ndalama zawo, tikupatsanabe moni.

Koma dzulo ndikuyala pansi kuti ndiyambe kulumikiza mizere, ndapeza 54. Nambala 47 palibe. Ndaimba ku Tengani, apongozi akuti lilipo, anavundikira nalo jagi ya thobwa poyesa kuti ndawasiyira. Tizigamba ta mtundu umenewo tinatha, ndi totsala pa chitenje cha malemu amayi athu, ndiye sindingasoke lina. Alipo amene akuchokera ku Nsanje kudutsa pa Tengani sabata ino?

MamaDorika_Nsanje
Ine ndikukwera Lachinayi m'mawa kupita ku Nchalo. Auzeni atume mwana aime nalo pa msewu, ndikusiyirani pa siteji pa Ngabu. Munditumizire nambala ku inbox.

Telala_paDyeratu
Alichape kaye, thobwa likauma limaumitsa nsalu ngati chikumba.

NaZigamba_Ngabu
Kuwauza apongozi kuti achape? Achimwene, ndichapa ndekha. Amayi a Dorika, ndatumiza, onani foni.